Mwana wanga akuikira kumbuyo mwamuna womenya mkazi wa mu series, kodi ndimulande laputopu?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chibavi, kuno ku Mzuzu, amene amagulitsa zitenje mu msika wa Taifa. Apempha kuti dzina lawo lisatchulidwe, koma alola kuti ndiyankhe poyera poti akuti si iwo okha amene nkhaniyi ikuwasowetsa mtendere. Kalata yawo ndi yaitali, ndiye ndingotengamo mfundo zake.

Mwana wawo wamkazi, wa zaka 19, wabwera ku holide kuchokera ku koleji ndi laputopu yodzaza ma series. Mwa zina muli The Wife, sewero la ku South Africa limene linayamba kuonetsedwa pa Showmax mu Novembala 2021, lonena za mtolankhani Hlomu ndi mwamuna wake Mqhele, mmodzi mwa abale asanu ndi atatu a bizinesi ya matakisi amene amachitanso zauchigawenga. Msuweni wina anaponya kachidutswa ka seweroli pa gulu la WhatsApp la pachibale, pamene Mqhele akumenya mkazi wake. Azakhali analemba kuti masewero otere ndi a satana, boma liwaletse. Anyamata anangoseka. Mwana wa mayiwa analemba kuti: "Ine Mqhele ndimamukonda, ndipo mkazi wake amamukonda kwambiri. Kungoti Hlomu amamuputa dala." Mayi akuti usiku umenewo tulo sanatione. Akufunsa ngati mafilimuwa amuwonongera mwana, ngati amulande laputopuyo poti m'nyumba mulinso ana awiri a ku pulayimale, komanso chifukwa chimene anthu amatukwanirana chonchi pa Facebook pa nkhani za anthu oti kulibe.

Mayi, zikomo pondikhulupirira. Za laputopu yankho lake ndi lalifupi: musamulande. Munthu wa zaka 19 ndi wamkulu, ndipo mukamulanda adzaonera pa foni ya mnzake, kungoti sadzakuuzaninso zimene akuganiza. Panopa walankhula zakukhosi pamaso pa abale, ndipo zimenezi n'zofunika kuzisamala. Koma kusowa tulo kwanu kuli ndi chifukwa. Mawu akewo ali ndi mbali ziwiri. Zoti amakonda mtengambali woipa sizikundiopsa. Zoti womenyedwayo ndiye anaputa, pamenepo ndi pamene ine ndingatcherepo khutu.

Kukonda munthu woipa wa m'nkhani sikunayambe ndi intaneti. Tonse tinakulira nthano ya Kalulu amene anakana kukumba nawo chitsime, koma ankabwera kudzatunga madzi atanyengerera alonda ndi uchi n'kuwamanga. Kalulu ndi waulesi, wabodza, wakuba. Chonsecho ana onse ankakhala mbali yake, ndipo agogo sankaopa kuti tikula tili mbava. Ankadziwa kuti mwana atha kusangalala ndi kuchenjera kwa Kalulu uku akudziwa bwinobwino kuti kuba madzi a anzako n'kulakwa.

Chimene chasintha ndi kutalika kwa nthawi imene timakhala ndi munthuyo. Filimu imatha pa maola awiri. Series imakhala ndi magawo makumimakumi, ndipo kamera imasankhiratu munthu woti tizikhala naye. Timamuona akudzuka, akuseka ndi abale ake, akulira yekha m'galimoto. Timauzidwa za ubwana wake wowawa. Akachita choipa, nyimbo yachisoni imayamba kulira pamene iye akudzimvera chisoni, ndipo kamera imakhala pankhope yake nthawi yaitali kuposa pa bala la amene wamupweteka. Olemba amachita zimenezi mwadala, ndi luso lawo. Munthu amene wakhala naye maola makumi awiri umamudziwa ngati mbale wako, ndipo mbale akalakwa timafulumira kumufunira zifukwa.

Kale ku America makampani a mafilimu anali ndi malamulo awo otchedwa Hays Code, amene anatsatidwa mwamphamvu kuyambira 1934 mpaka anatha mu 1968. Limodzi mwa malamulowo linkati filimu isakokere mtima wa woonera ku mbali ya chigawenga kapena ya tchimo, choncho wolakwa ankayenera kulandira chilango nkhani isanathe. Malamulowa atatha zinthu zinayamba kumasuka, ndipo kuyambira 1999, pamene HBO inayamba kuonetsa The Sopranos, chigawenga chinakhala mwini nkhani weniweni. Ma series ambiri amene ana athu akuonera lero, kaya a ku Johannesburg, Lagos kapena Seoul, akuyenda m'njira imeneyi. Ine sindiona vuto pamenepa. Nkhani imene woipa amadziwika ndi nkhope yoopsa kuyambira pachiyambi siphunzitsa mtsikana chilichonse, chifukwa m'moyo weniweni mwamuna wankhanza amabwera ali wooneka bwino, wowolowa manja, wodziwa kupepesa.

Vuto limabwera tikayang'ana amene oonera amamuda. Pali chitsanzo chimodzi chimene ndikufuna mumve bwino. Kuyambira 2008 mpaka 2013 kunali series yotchedwa Breaking Bad, imene anthu ambiri anaionera pa Netflix. Mwini nkhani, Walter White, ndi mphunzitsi wa sayansi amene wapezeka ndi khansa, ndipo akuyamba kupanga mankhwala ozunguza bongo ponena kuti akufuna kusiyira banja lake ndalama. Pamene nkhani ikupita amapha anthu, amanamiza aliyense, mpaka kupatsa mwana wamng'ono poizoni. Mkazi wake, Skyler, ndi amene amamufunsa kumene akuchokera usiku, amene amaopa za chitetezo cha ana. Mukanayembekezera kuti oonera adana ndi wakuphayo. Koma pa intaneti panadzaza chidani cholunjika kwa mkaziyo. Anthu anatsegula masamba a Facebook ongomutukwana, akumutcha wolongolola, wosayamika, wotsekereza mwamuna wake. Zinafika poti Anna Gunn, mayi amene ankasewera ngati Skyler, analemba nkhani mu nyuzipepala ya New York Times mu Ogasiti 2013, kufotokoza kuti chidanicho chinadumpha sewero n'kufika pa iye mwini, mpaka wina analemba kufunsa kumene angamupeze kuti amuphe. Gunn anaona kuti mkwiyowo unkachokera pa mmene anthuwo amaonera akazi ndi udindo wa mkazi m'banja. Ndipo m'gawo lomaliza Walter amavomera yekha kwa mkazi wake kuti zonsezo ankachitira iye mwini, osati banja. Olemba ananena poyera, koma oonera ena sanafune kumva.

Zofanana nazo zinachitika ndi series ya You, yonena za mnyamata amene amalondalonda akazi ndi kupha anthu m'dzina la chikondi. Mu Januwale 2019 Penn Badgley, amene amasewera mbali imeneyo, anachita kuyankha yekha oonera pa Twitter amene ankalemba kuti akumufuna mnyamatayo, kuwakumbutsa kuti munthuyo ndi wakupha.

Akatswiri anaziona kalekale. Mu 1971 ku America kunayamba sewero lanthabwala la All in the Family, lokhala ndi bambo watsankho dzina lake Archie Bunker. Cholinga cha olemba chinali choti anthu aseke tsankho lakelo n'kuliona kupusa kwake. Mu 1974 Neil Vidmar ndi Milton Rokeach anasindikiza kafukufuku wa oonera a ku America ndi Canada, ndipo anapeza kuti anthu amene anali kale ndi mtima watsankho ankamuona bamboyo ngati wonena zoona mosaopa. Sewero linali limodzi, koma aliyense anatolamo chimene anabwera nacho kunyumba kwawo.

Tsono funso limene ndikufuna tilimbane nalo ndi lakuti, mawu oti "amamuputa dala" mwana wanu anawatenga kuti? Ine sindikhulupirira kuti anachokera mu laputopu. Mawu amenewa ndi athu. Amamveka pa maliro, pa kiosiki ya madzi, m'minibasi ya ku Ekwendeni. Mkazi akafika kwa ankhoswe diso litatupa, nthawi zambiri funso loyamba limakhala lakuti "unamuyankha chiyani?" Pa chilangizo timauza mtsikana kuti banja ndi kupirira, kuti za m'nyumba sazitulutsa kunja, kuti mwamuna akapsa mtima uzikhala chete. Alipo mpaka lero amene amanena mosachita manyazi kuti kumenya ndi mankhwala a banja. Alipo atsikana amene amauzana kuti mwamuna wopanda nsanje ndiye kuti sakukukonda. Sindikunena kuti munamuphunzitsa ndinu, Mayi. Kalata yanu ikuonetsa kuti inu simugwirizana nazo. Koma mwana sakulira m'nyumba mokha, amakulira m'dera lonse.

Kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015 mpaka 2016, amene anachita a National Statistical Office, anafunsa anthu ngati mwamuna ali ndi chifukwa chomenyera mkazi wake akapsereza chakudya, akakangana naye, akachoka osatsanzika, akanyalanyaza ana kapena akakana kugona naye. Akazi 16 mwa 100 aliwonse anavomereza pa chifukwa chimodzi kapena kuposerapo. Amuna anali 13 mwa 100. Taonani, akazi ndi amene anachuluka. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti akazi 42 mwa 100 aliwonse amene anakhalapo pabanja anachitiridwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kukakamizidwa zogonana kapena kuzunzidwa m'maganizo. Ambiri mwa anthu amene anayankha mafunsowa ndi a kumudzi, kumene Showmax sinafikeko. Ndiye sewero lija silinadzale maganizowo mwa mwana wanu. Linangomupatsa mpata woti awatulutse, inu n'kuwamva. Ndipo kunena zoona, ndi bwino kuti mwawamva akukamba za Hlomu, munthu wongopeka, kusiyana n'kuti mudzawamve zaka zisanu zikubwerazi akudzinenera yekha ali ndi chipsera kumaso.

Pano ndifike pa funso lanu la chifukwa chimene anthu amatukwanirana pa nkhani za anthu oti kulibe. Choyamba n'chakuti kuno ku Mzuzu ambiri amene amakangana sanaonere sewero lonse. Netflix inafika ku Malawi mu Januwale 2016, pamene inatsegula m'maiko 130 tsiku limodzi, koma kulipira kwake kumafuna khadi la ku banki lotha kulipira kunja, ndipo magawo awiri okha amatha bandulo imene wina akanagwiritsa ntchito sabata yathunthu. Ndiye ena amakakopetsa pa fulashi kapena pa memory card kwa anyamata a m'mabenchi, ena amaonera ku video show zomasuliridwa m'Chichewa, ndipo ochuluka zedi amangoona tizidutswa ta pa TikTok, pa Facebook ndi pa status. Kachidutswa ka masekondi 40 amakadula pamene pali mbama, kupsompsonana kapena kutukwana, chifukwa ndi pamene pamakoka maso. Zimene zinachitika m'mbuyo ndi zotsatira zake sizikhalamo. Azakhali anu anaweruza sewero lonse ndi masekondi amenewo, anyamata aja chimodzimodzi.

Za ma video show ndinenepo pang'ono, poti sitizikamba kawirikawiri. DJ womasulira samangomasulira, amathiramo ndemanga zake. Ena mwa iwo ndi aluso kwambiri, ndipo afikitsa mafilimu kwa anthu amene sakanawamva. Koma mkazi akamenyedwa mbama DJ n'kuponyapo nthabwala, chipinda chonse chimaseka, ndipo mnyamata wa zaka 11 amene wakhala pabenchi yakutsogolo waphunzira kuti pamenepa ndi posekera. Phunziro limeneli silinachokere kwa wolemba filimu wa kunja. Laperekedwa m'chinenero chathu, ndi munthu wa kwathu.

Chachiwiri ndi mmene masamba a mchezowa anapangidwira. Mu 2017 William Brady ndi anzake a ku New York University anasanthula mauthenga a pa Twitter oposa theka la miliyoni okhudza nkhani zimene anthu amagawanika nazo. Anapeza kuti liwu lililonse loweruza komanso lodzutsa mtima, monga chidani, manyazi kapena kuipa, linkawonjezera kufalikira kwa uthenga ndi pafupifupi 20 peresenti, ndipo kufalikirako kunkachitika makamaka pakati pa anthu oganiza mofanana kale. Mu 2021 zikalata za mkati mwa kampani ya Facebook zimene Frances Haugen, amene ankagwira ntchito kumeneko, anatulutsa zinaonetsa kuti mu 2017 kankhope kosonyeza mmene munthu wamvera, kuphatikizapo ka mkwiyo, kankawerengedwa kasanu kuposa like posankha zoti anthu aone. Tanthauzo lake kwa inu ndi ine ndi lakuti amene walemba kuti "nkhaniyi ndi yovuta, mbali zonse zili ndi polakwika" saonedwa ndi anthu ambiri. Amene walemba kuti "mkazi ameneyu ndi mfiti" kapena "amuna onse ndi agalu" amafika pa foni ya aliyense. Mukamawerenga ndemanga pa Facebook musaganize kuti mukumva maganizo a Amalawi onse. Mukumva amene makina asankha chifukwa akufuula.

Koma chachitatu ndi chimene ine ndimachiona kuti n'chachikulu. Anthuwa sakangana za anthu oti kulibe. Pa gulu lanu la pachibale pali wina amene anapirira zaka makumi awiri ndipo akamva kuti Hlomu achoke amamva ngati akuuzidwa kuti moyo wake wonse unali kulakwitsa. Pali wina amene anachoka, abale n'kumunena, ndipo akudikira kuti wina anene kuti anachita bwino. Mwina palinso mwamuna amene anakwezapo dzanja, amene akuwerenga mwakachetechete kuti aone ngati abale amukhululukira. Kutchula dzina la malume pa gulu n'kosatheka, banja lingapasuke. Kutchula Mqhele n'kotheka. Mneneri Natani anadziwa zimenezi pamene anapita kwa mfumu Davide atatenga mkazi wa Uriya. Sanayambe ndi kumuimba mlandu. Anamufotokozera za munthu wolemera amene analanda kamwana ka nkhosa ka munthu wosauka, Davide anapsa mtima n'kugamula mlanduwo, kenako Natani anamuuza kuti munthuyo ndi iyeyo. Munthu amaweruza mosaopa akamaganiza kuti nkhani ndi ya wina. N'chifukwa chake ine mikangano imeneyi sindiipeputsa. Kwa mabanja ambiri ndi malo okhawo amene nkhanza za m'banja zimakambidwa ana ndi akulu ali pamodzi.

Kwa azakhali amene akuti boma liletse, ndiwayankhe mwaulemu kuti njira imeneyo dziko lino linaiyesa kale. Lamulo la Censorship and Control of Entertainments linakhazikitsidwa mu 1968, ndipo kwa zaka zambiri bungwe lake linkadula mafilimu ndi kuletsa mabuku, magazini ndi nyimbo. Wailesi ya kanema ya dziko lino inadzayamba mu 1999. Zaka zonsezo m'nyumba za anthu wamba munalibe series ngakhale imodzi, koma akazi ankamenyedwa ndithu, ndipo ambiri ankangokadandaula kwa ankhoswe. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja linadzabwera mu 2006. Komanso lero uletsa bwanji chinthu chimene chikuyenda m'thumba pa fulashi?

Palinso china chimene chimandipweteka pa mmene timaweruzira masewerowa. Ndikamawerenga ndemanga za anthu a kwathu, mkwiyo waukulu umagwera pa siketi yaifupi, pa kupsompsonana, pa mtsikana amene wayankha bambo ake. Pamenepo timalemba kuti chikhalidwe chathu chatha. Koma sewero lomwelo mwamuna akatsekera mkazi m'nyumba, akamulanda foni, akamumenya, mawu oti chikhalidwe samvekanso. Timayamba kufunsa kuti mkaziyo anachita chiyani. M'mabanja ambiri makolo amasintha tchanelo msanga anthu akayamba kuvulana zovala, koma amasiya ana kuonera munthu akuthyoledwa nthiti. Sindikunena kuti ana azionera zamaliseche, ayi. Ndikunena kuti mwana amaphunzira chimene makolo ake amachiona ngati tchimo lalikulu poona nthawi imene dzanja lawo limathamangira pa remote.

Azakhali sanalakwitse zonse. Pali zinthu zimene zimavulazadi, makamaka ana. Series ya 13 Reasons Why, imene inatuluka mu 2017, inaonetsa mwatsatanetsatane mtsikana akudzipha. Akatswiri a zaumoyo wa maganizo anadandaula kwambiri, ndipo mu Julayi 2019 Netflix inachotsa mbali imeneyo. Squid Game, imene inatuluka mu Seputembala 2021, ndi nkhani yozama ya anthu 456 omira m'ngongole amene akuika moyo wawo pachiswe pofuna ndalama, ndipo aliyense amene anakongolapo katapila angaimve bwino. Koma poti imagwiritsa ntchito masewera a ana ndi mitundu yowala, inafika kwa ana aang'ono ambiri amene sanayenere kuona kuphana kumene kuli m'menemo. Pa Netflix ndi pa DStv pamakhala chizindikiro cha zaka, komanso kholo litha kutseka ndi PIN. Sewero likakopedwa pa fulashi zonsezi zimasowa, limangokhala dzina pakati pa mayina ena, pafupi ndi makatuni. Ndiye za ana anu awiri a ku pulayimale nkhawa yanu ndi yoona. Mchemwali wawo aike password pa laputopu, ndipo ma series a akulu azionera anawo kulibe. Zimenezi mutha kumulamula monga mwini nyumba, ndipo ndikhulupirira amva.

Masewero athanso kukankhira anthu ku zabwino, ndipo ife Amalawi tikudziwa poti tinakulira Tikuferanji ndi Zimachitika. Chitsanzo chimene chimandigwira mtima ndi cha Soul City ya ku South Africa. Mu 1999 seweroli linaonetsa mwamuna wolemekezeka amene ankamenya mkazi wake, ndipo anthu oyandikana nawo, amene poyamba ankangokhala chete, anatuluka n'kuima panja pa nyumbayo akumenya mapoto kuti wankhanzayo adziwe kuti akumumva. Pambuyo pake kunamveka malipoti oti m'madera ena anthu anayamba kuchitadi zimenezo. Chimene olemba anachita n'chakuti anapatsa woonera malo ena oti aimepo. Sanamusiye kuti asankhe pakati pa womenya ndi womenyedwa basi, anamuonetsa kuti iye ndi neba, ndipo neba ali ndi chochita. Ma series ambiri a masiku ano alibe cholinga chimenecho, amafuna kuti udine gawo lotsatira. Ntchito yopatsa mwana malo ena oti aimepo yatsalira ife a m'nyumba.

Ndiye Mayi, pempho langa ndi lakuti muonere naye. Ndikudziwa kuti mukaweruka ku Taifa mumakhala mutatopa, ndipo kuzizira kwa kuno kumaitanira munthu ku bulangete msanga. Koma mupezeko madzulo awiri kapena atatu, mumuuze kuti akuonetseni sewero limene anthu akukanganalo. Iye asangalala kukhala mphunzitsi wanu, akufotokozerani kuti uyu ndani, uyu anatani. Musalalikire pakati pa gawo. Likatha mufunseni mafunso oti inunso mukufunadi kumva yankho lake. Amamukondera chiyani Mqhele? Mwina anena kuti amateteza abale ake, amasamala, saopa munthu. Zimenezo ndi zinthu zabwino kuzifuna mwa mwamuna, muvomereni. Kenako mufunseni kuti Hlomu anachita chiyani chenicheni, achitchule. Akachitchula, mufunseni ngati chinthu chimenecho chingakhale chifukwa choti mlamu wake wam'tsogolo adzamenyere mng'ono wake uja wa Standard 6. Ambiri amene amalungamitsa mbama pa kanema amabwerera m'mbuyo nkhope ya womenyedwayo ikakhala ya munthu amene amamukonda. Mufunsenso kuti nkhani yomweyi ikanafotokozedwa ndi mayi ake a Hlomu ikanamveka bwanji.

N'kutheka kuti analemba zija mongofuna kukometsa mkangano, kapena pobwereza zimene anawerenga kwa anzake pa TikTok, ndipo mukakamba naye aseka n'kunena kuti sanatanthauze zimenezo. Ngati zili choncho, zathera pomwepo. Koma mumvetsere bwino ngati akulankhula ngati munthu wodziwa. Mtsikana akamafotokoza mwatsatanetsatane mmene mwamuna amapsera mtima chifukwa cha chikondi, mmene nsanje imasonyezera kuti amakusamala, mmene umayenera kudziwa nthawi yokhala chete, nthawi zina amakhala akufotokoza chibwenzi chake. Mufunseni modekha ngati ali ndi mnzake, ngati mnzakeyo amamufufuza foni, amamuletsa kucheza ndi anthu, kapena anamugwirapo mwankhanza. Akakuuzani zoterezi musayambe ndi kukalipa kuti anayamba liti zibwenzi, chifukwa atseka pakamwa ndipo sadzatsegulanso. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit yothandiza pa nkhani zotere, ndipo bungwe la YONECO lili ndi nambala yaulere ya 5600 yokhudza nkhanza, imene atha kuimba yekha ngati akuchita manyazi kukamba ndi inu.

Pa gulu la pachibale paja musamudzudzule, ndipo muwapemphe azakhali kumbali kuti asamutchule mwana wotayika pamaso pa asuweni ake. Akachititsidwa manyazi pagulu aumirira mawu akewo pofuna kuteteza ulemu wake, ngakhale mumtima atayamba kale kukayika. Nkhaniyi muikambe awiri, ana atagona. Mukatero mundilemberenso kuti zayenda bwanji, ndipo ngati mungalole ndidzagawana ndi owerenga ena amene ali ndi ana a msinkhu womwewu.